Bambo akufuna dothi la ku Cork, koma mwala wa pamanda ukuti ndife a ku Kerry

Aphungu,

Kwa sabata ziwiri tsopano ndikungoseka ndekha, m'galimoto, m'sitolo, ngakhale pa Misa, mpaka mwamuna wanga wayamba kundiyang'ana ndi nkhawa. Ndawapeza agogo athu! Vuto ndi loti ndawapeza kolakwika.

Bambo anga, a Con Cronin, ali ndi zaka 84 ndipo moyo wawo wonse akhala munthu wa ku Cork. Ku Ireland sanapondeko, koma jezi yofiira ya timu ya mpira ya Cork ali nayo, ndipo pa perete wa Patrick Woyera muno mu Holyoke, ku America, anyamula mbendera ya Cork kwa zaka makumi atatu. Mukudziwa kuti kuno kwadzaza a ku Kerry, boma la ku Ireland limene limapikisana ndi Cork, ndiye bambo amayenda monyang'wa ngati tambala pakati pa abakha. Mnzawo wa ponda apa nane mpondepo ndi a Gene Scanlon, a ku Kerry enieni, amene ankagwira nawo ntchito ku fakitale ya mapepala. Awiriwa sapatsana moni osanyozana. A Gene amati, "Iwe Con, timu yako ija yapezeka, kapena tikanene kupolisi?" Bambo amangoyankha kuti, "Wa ku Kerry ukagwirana naye chanza, uziwerenga zala zako."

Umboni wawo wonse ndi pepala limodzi limene analipachika pabalaza, losonyeza kuti agogo awo, a Jeremiah Cronin, anakwera sitima pa doko la Queenstown ku Cork mu 1883.

Mtima wa bambo wafooka, koma adokotala awalola ulendo umodzi, mu Juni muno. Anandiitana nati, "Mwanawe, undipezere mudzi wa agogo. Ndikufuna ndikatape dothi ndi dzanja langa, tsiku langa likadzakwana mudzathire pabokosi." Ndinavomera misozi ili m'maso.

Nyengo yonse yachisanu ndinathera pakompyuta. Mabuku ambiri a kalembera anapsa ku Dublin mu 1922, ndipo ku Cork anthu a dzina la Jeremiah Cronin ndi ochuluka ngati nyerere. Nditatopa ndinaitanitsa chikalata cha imfa ya agogowo, ndipo ndinadabwa kuona kuti anaikidwa ku Chicopee, tauni yoyandikana nafe, pambali pa mkazi wawo woyamba amene ife sitinamvepo za iye. Ife ndife a kwa mkazi wachiwiri. Ndinathamangira kumandako, ndipo ndinapeza mwala wodzaza ndere, zilembo zitafufutika. Bambo wina wosamalira manda anandiuza kuti ndibwere m'mawa ndi galasi lodziyang'anira, ndiwalitse dzuwa cham'mbali. Aphungu, zilembo zija zinatuluka chimodzichimodzi. Dzina, chaka, kenako mawu akuti anabadwira m'parishi ya Kilcummin, m'boma la Kerry.

Ndinangoti khwaa pa udzu wonyowa n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Mkulu uja ankaganiza kuti ndikulira, anandipatsa mpango. Ndipo sizinathere pomwepo. Pa chikalata chija, dzina la mayi awo a Jeremiah ndi Honora Scanlon.

Mwamuna wanga akuti ndikhale chete. Akuti, "Dothi ndi dothi, Máire. Uwatengere pamudzi uliwonse ku Cork, atape, abwere ali osangalala." Mwina akunena zoona. Ndikuopa kuti ndikawauza ndiwalanda chinthu chimene chawaimiritsa zaka zonsezi, ndipo ndi mtima wawowo sindikudziwa kuti zitha bwanji. Komanso sindingapirire kuwaona akugwada pa dothi la eni ake, ine ndikudziwa. Lamulungu lapitali a Gene anabwera kudzadya nafe, ndipo atayambana za mpira ndinathawira kukhitchini n'kuluma nsalu yopukutira mbale. Ndiphulika, Aphungu. Nditani?

M.C.D., Holyoke

Zikomo a M.C.D.,

Choyamba pumani kaye, mumwe madzi. Nanenso ndaseka mpaka tiyi watayikira pa kalata yanu. Mwagwira ntchito yotamandika, ndipo cholakwa cha banja lanu si chachilendo. Pa Queenstown pankakwerera anthu a maboma ambiri, ndiye theka la mabanja amene amalumbira kuti ndi a ku Cork amangodziwa pamene agogo awo anakwerera sitima.

Koma musanagwedeze nyumba ya munthu wa zaka 84, tsimikizani. Anthu athu ankapatsa mwana woyamba wamwamuna dzina la agogo ake, kotero m'parishi imodzi mumatha kupeza asuweni anayi a dzina limodzi, obadwa zaka zoyandikana. Mabuku a ubatizo a maparishi ambiri anapulumuka moto uja ndipo ali pa intaneti. Tsegulani la Kilcummin, mufufuze Jeremiah amene mayi ake ndi Honora Scanlon. Musakakamire chaka, poti makolo athu zaka zawo ankangoyerekeza. Muyang'ane zaka zisanu kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamupeza, lembani dzina la kamudzi kamene wansembe analemba pambali, chifukwa dothi limene bambo anu akufuna lili pamenepo. Za ubale ndi a Gene musathamange nazo. A Scanlon ku Kerry nawonso ndi ambiri, ngakhale ndikupemphera ndi mtima wonse kuti zikhale zoona.

Tsopano za mwamuna wanu. Ndi munthu wachifundo, koma apa waphonya. Bambo anu sanakutumeni kukafuna Cork, anakutumani kukafuna agogo awo. Mukawanamiza, iwo adzabwera osangalala, inde, koma amene adzaime pamanda ndi kabotolo ka dothi lolakwika m'manja ndi inu, ndipo mudzakhala nazo moyo wanu wonse.

Muwauze, koma osati ndi pakamwa panu. Funsani kaye adokotala awo ngati mtima wanu sukukhazikika. Kenako sankhani m'mawa wa dzuwa, muwatengere ku Chicopee inu awiri basi, ndi mpando wopinda ndi galasi lija. Muwauze kuti mwapeza pamene agogo awo agona, poti imeneyo ndiyo nkhani yaikulu, ndipo ndi yabwino. Galasilo agwire okha, awerenge okha. Ngati atukwana, asiyeni atukwane. Ndipo chonde, inu musayambe kuseka iwo asanaseke.

Musawavule jezi yofiira. Pa doko lija ndi pamene Jeremiah anaponda komaliza m'dziko lake, ndipo munthu amene wanyamula mbendera zaka makumi atatu waigwirira ntchito. Cork ndi Kerry ndi maboma oyandikana, ulendo wa maola awiri pagalimoto. Muyambire pa dokolo, muwajambule atavala zofiira zawo, kenako mutsate njira imene agogo anadzera popita ku dokolo mpaka mukafike pakhomo pawo.

Chenjezo langa ndi limodzi. A Gene asamve nkhaniyi kwa inu, kwa mwamuna wanu, kapena kwa mkulu wa kumanda uja. Pa zonse zimene mwala walanda bambo anu, chimene chawatsalira ndi ufulu wouza mnzawo okha, pa tsiku ndi m'njira imene asankhe. Ndikuwadziwa amuna a mtundu umenewu. Adzakwiya masiku atatu, ndipo lachinayi adzagogoda pakhomo pa a Gene n'kuwauza kuti m'boma lonse la Kerry munabadwa munthu mmodzi yekha wanzeru, ndipo anathawako mu 1883.

Mukakwera ndege, mutenge timabotolo tiwiri. A Gene nawonso akukalamba.