Loboti Yopanda Mkono Wamanzere

Lolemba, 3 Malichi

Mwezi wachitatu chiwagwereni sitiroko amuna anga. Mwendo wabwerera, pakamwa pawongoka. Dzanja lamanzere lokha ndiye lakana. Limangokhala pantchafu ngati la munthu wina. Mayi wa mafizo, amene amawaphunzitsa kulimbitsa ziwalo, sanabise: likapanda kugwira ntchito miyezi inoyi, zala zipindika mpaka kalekale. Anawapatsa kampira koti azifinya. Kampirako kali pansi pa bedi, ndipo si ine ndinakaponya.

Masana mkamwini wabwera ndi kabokosi kolumikiza ku TV ndi timapadi tiwiri togwira m'manja. Gemu ya maloboti omenyana. Malobotiwo amayandikirana okha, iwe kwako n'kudina. Mabatani akumanja omenyera, akumanzere otchingira nkhonya. Nzeru ya mkamwini n'njoti abambo azitchinga, zala zizigwira ntchito mwini wake osadziwa. Abambo angoti, "Ndawotcherera zitsulo moyo wanga wonse kuti ndidzamalizire pa zidole?" Iye wangoseka mwaulemu, walumikiza mawaya, wapita. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mulungu amudalitse.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndawapezerera akusewera zidole zija! Chawakola si ndewu ayi. Mugemumo muli malo opangira loboti yako, kusankha miyendo, chifuwa, mikono. Munthu wa zitsulo wapeza kwawo. Mmawa wonse kudzudzula amene anapanga gemuyi, ati bondo lotere lingathyoke tsiku lomwelo, wowotcherera wake sanamalize kuphunzira ntchito. Kenako aseka. Ndinali pamakina ndikusoka diresi la eni ake, ndinaima. Kuseka kumeneku ndinali nditakuiwala.

Zoipa zake zilipo. Nyimbo zake ngati mapoto akugwa pa thandala. Zilembo zing'onozing'ono, mpaka kubwerekana magalasi. Kamunthu kena mugemumo kamakuwa ndewu ikamayamba, sikatopa. Mayunitsi a magetsi nawo akungosungunuka. Koma zilekeni, ndisoka siketi ina.

Andiitana kuti ndiyese. Loboti yawo yonenepa, aitcha Nyundo. Yanga yowonda, yofiira, ati Singano.

Lamlungu, 9 Malichi

Gemuyi ili ndi chilema chachikulu: imalola kuchotsa mkono. Abambo achenjera. Amuchotsa Nyundo mkono wamanzere, chitsulo chonse aunjika kumanja. Padi aika pantchafu, kudina ndi dzanja labwinolo basi. Lodwala lili phee pambali.

Ine ndikuwalola kupambana. Ndimadina mochedwa, nthawi zina kudina pamene palibe batani. Singano akagwa, iwo chimwemwe, kundinena kuti manja anga ndi a ulusi. Akudya bwino, akusamba osakakamizidwa, dzulo apempha okha kumetedwa ndevu. Ndani angamenye wodwala? Ine ayi.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mayi wa mafizo wabwera. Wayeza zala. Wapempha kuti tisewere iye akuona. Tasewera, Singano wagwa monga mwa masiku onse.

Pomuperekeza pachipata wandigwira mkono. "Mayi, chifundo chanuchi n'chimene chipinde zala zija. Munthu amene sakumenyedwa atchingiranji?"

Ndinafuna kumuyankha zowawa, mwana wa dzulodzulo. Koma wanena zoona. Mtima ukundipweteka.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndawamenya. Zala za telala si zamasewera. Singano amangolowera kumanzere kopanda mkonoko, kubaya, kutuluka, kubayanso. Nyundo wagwa katatu, osandikhudza n'komwe.

Apa ndiye ndadana nayo gemuyi. Loboti ikagwa, amaionetsanso pang'onopang'ono ikugwa, anthu a mukanemamo akuseka, ndipo palibe batani lodumphira. Amene anaganiza zimenezi alibe wodwala kwawo. Abambo ayang'ana mpaka kutha, kenako ayang'ana ine.

"Ndiye masiku onsewa mumandinamiza?"

Ndavomera. Aika padi pampando bwinobwino, alowa kuchipinda. Bola akanaiponya.

Lachinayi, 13 Malichi

Sakundilankhula. Tiyi wazizira pa tebulo. TV yozima, nyumba yonse zii. Ndinkadandaula za phokoso, lero ndikulifuna. Mwina ndawachotsera kanthu kamodzi kamene kanawatsalira. Walira mvula walira matope.

Mkamwini waimba foni, ati akatenge kabokosi kake ngati kakuyambanitsa. Ndati kasiye.

Loweruka, 22 Malichi

Sabata yonse ndi kanthu sindinalembe. Ndikanalemba chiyani? Kudzuka, kuphika, kusoka, mawu awiri patsiku. Madzi osamba. Zikomo.

Lero ndili pamakina ndamva mapoto aja akugwa pabalaza. Ndanyang'ama mpaka pakhomo, kusuzumira pa katani. Akusewera okha ndi loboti yoyendetsedwa ndi gemuyo. Nyundo ali ndi mkono wamanzere! Kamkono kakang'ono, konyansa, kosafanana ndi unzake, koma mkono. Ndawaona akunyamula dzanja lodwalalo ndi labwinolo, kuika chala chimodzichimodzi pabatani, monga ankayalira zitsulo asanaziwotcherere. Chala chimaterereka, iwo kuchibwezera. Nyundo kumenyedwa, kugwa, anthu aja kuseka. Iwo kuyambiranso, thukuta kamukamu.

Sindinalowe. Ndabwerera pamakina, ndanyowetsa nsalu ya eni ake ndi misozi. Ndiisita, sadziwa.

Ndinainyoza gemuyi kuti ilibe chifundo. Ilibedi, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Tonse takhala tikuwanamiza munthuyu. Ine, ana, anzawo akuntchito amene amabwera n'kumati mukuoneka bwino achimwene. Kabokosi kokhaka ndi kamene kamawauza zoona, ndipo akagwa kamangofunsa ngati akufuna kuyesanso. Zikomo kwa amene anakapanga, ngakhale sadziwa kuwotcherera bondo.

Lachinayi, 27 Malichi

Andiitana okha. "Amayi, bweretsani Singano wanu uja. Koma mukanyengerera ndidziwa."

Sindinanyengerere. Ndalowera kumanzere monga tsiku lija. Koyamba ndabaya. Kachiwiri ndamva ngwee, chitsulo pa chitsulo. Atchinga! Ndayang'ana padi yawo, chala chamkombaphala chili pabatani, chadina chokha. Ndawagonjetsabe, ndipo anthu aja aseka monga mwa khalidwe lawo. Abambo aseka nawo.

Kenako ayamba kufotokoza, maso ali pa TV, kuti pantchito yawo dzanja lamanzere siliwotcherera. Ntchito yake n'kugwira chigoba chotchinga kumaso kuti moto usawononge maso. Popanda ilo, lamanjalo ngakhale likhale la mphamvu chotani, ntchito palibe. Ati ankaopa kuliyesa kuti likakana ndiye kuti zonse zatha. Aka n'koyamba kunena zimenezi.

Andituma kushedi kukatenga chigobacho. Fumbi, akangaude. Ndachipukuta ndi nsanza, ndawapatsa. Ndinafuna kugwirizira kunsi, andiyang'ana, ndachotsa dzanja. Achigwira ndi lamanzere lokha. Chakwera pang'onopang'ono mpaka pachifuwa, mpaka pachibwano, chaphimba nkhope. Kwa kanthawi kochepa ndaona amuna anga aja amene ndinakwatiwa nawo. Kenako chagwa pansi, galasi lake phwaa.

Galasi lina lifuna ndalama, mayunitsi atsala pang'ono, diresi la eni ake sindinapinde m'munsi. Koma chibadwire sindinasesepo magalasi osweka ndikuimba ngati lero. Mawa ndimuimbire mayi wa mafizo, ndimupepese pa zimene ndinamunenera mumtima. Mkamwini ndimusokere malaya.

Akuitananso. Ati Singano asathawe, Nyundo amuwonjezera chitsulo kumanzere. Ndimati ndilembe za mankhwala a mawa koma...