Khutu Lakumanzere la Mng'ono Wanu

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi bambo a kunyumbako ndi ana onse. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno mapasa ali bwino, kungoti tsiku lililonse amafunsa kuti amayi awo abwera liti.

Pa foni ndakhala ndikungoti mng'ono wanu akupezako bwino. Sindinaname, koma ndinabisa zambiri.

Kutentha thupi kuja kunayamba atazulitsa dzino. Ine dalaivala, ndi nzeru zanga za pachiwongolero, ndinkamugulira makapisozi pa sitolo ya pakona. Akamwa masiku atatu thupi n'kuzizira, tinkasiya. Tinatero katatu, mpaka tsiku lina anagwa m'kalasi choko chili m'manja.

Kuchipatala adokotala anati tizilombo tinalowa m'magazi n'kukamanga pa mavalavu a mtima, titseko tija timatsegukira magazi. Anati mankhwala amtundu umodzi sakugwiranso tizilomboto. Nditafunsa ngati ndi chifukwa cha makapisozi anga, anandiyang'ana mwachifundo, n'kunena kuti sangatsimikize, koma kuti sanathandize.

Anamuika pa mankhwala awiri a mudiripi, masabata asanu ndi limodzi. Anandifotokozera kuti oyamba amaboola kachilombo, achiwiri n'kulowa kukamaliza ntchito. Koma anachenjeza kuti achiwiriwo amatha kuwononga impso ndi makutu, ndiye tikaona chachilendo tinene msanga.

Sabata yachiwiri mng'ono wanu anandinong'oneza kuti m'khutu mukulira ngati belu la kusukulu losasiya. Anandigwira dzanja, akuti ndisauze munthu, chifukwa akamuchotsera mankhwalawo tizilombo tibwerera ndipo mapasa atsala opanda mayi. Mukumudziwa mng'ono wanu akalimba mutu. Ndinalonjeza.

Ndinasunga pakamwa masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinamuitana ndili kumanzere kwa bedi, iye akuyang'ana pa windo. Ndinaitana kawiri, osacheuka. Ndinatuluka n'kukauza anamwino.

Tsiku lomwelo anasintha mankhwala achiwiriwo n'kuika ena osapweteka makutu. Magazi awayeza katatu tsopano, tizilombo sitikupezekanso. Akudya, akuyenda yekha mpaka kumapeto kwa khonde. Koma khutu lakumanzere silikumva bwino, ndipo adokotala akuti mwina silibwerera.

Panopa mng'ono wanu sakundiyankhula. Akuti ndine wapakamwa. Ndikalowa m'wodi amagonera dala khutu labwinolo, moti amayi a bedi loyandikana amaseka mpaka kutsokomola. Koma ndinamumva akuuza anamwino kuti sakudziwa kuti ana okhala kumbuyo kwa kalasi adzawamva bwanji.

Alamu, zoti ndinaulula sindikudandaula nazo. Chikundidya mumtima ndi masiku awiri ndinakhala chete aja. Sindinalimbe mtima kufunsa adokotala ngati khutulo likanapulumuka.

Chonde bwerani, ngakhale sabata imodzi yokha. Kwatsala masabata atatu a diripi, kenako adzajambula mtima kuti aone ngati pakufunika opaleshoni. Ali ndi mantha, koma kwa ine sangavomere. Inu munamubereka kumsana ali khanda, pamaso panu akhoza kulira momasuka. Simukuyenera kundipepesera ayi, andikwiyire bola ali moyo.

Apongozi muwauze pang'onopang'ono, atakhala pansi. Mundiperekere moni kwa onse kumeneko. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlamu wanu,
Bambo a mapasa