Ndowa Ili Kuseri kwa Chitseko

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Cosmo City, ku Joni, tilipo, ine ndi mdzukulu wanu Chikondi. Sindinena kuti tili bwino kwenikweni, paja mukundidziwa, bodza limanditsamwitsa. Tilipo basi.

Ndiyambe ndi za ku Dedza, poti mukanakhalapo mukanandifunsa zimenezo ndisanakhale n'komwe pansi. Achimwene a Yohane anaimba foni sabata yatha. Akuti chimanga cha m'munda mwanu muja chakhwima bwino ngakhale mvula inadula kanthawi, koma mtedza ndiye wakana. Alamu achira, kwabadwa mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndawauza kuti akonzekeretu makutu, dzina limenelo limabwera ndi pakamwa pake.

Ine ndikusokabe. Magetsi akazima ndimabwerera ku makina akale aja opalasa ndi mwendo, omwe ndinadziphunzitsira ndekha inu mukuti ndithyola singano zonse za m'boma la Dedza. Bondo lakumanja layamba kudandaula, koma silinandiletse.

Koma chimene ndakhalira pansi kulemba ndi nkhani ya Chikondi. Ndinatsala pang'ono kumutaya mwanayu, Amayi, ndipo palibe wina woti ndimuuze.

Mukukumbukira Loweruka lathu? Munabwera ku Joni kudzandithandiza iye atangobadwa, mukuti mubwerera akayamba kuyenda, koma munakhala mpaka anafika kalasi yomaliza. Loweruka lililonse munkavala jekete ya malemu Abambo, ija anabwera nayo ku migodi, n'kuima pakhomo. "Sindinabwere ku Joni kudzalondera makoma ine. Tiyeni." Tinkakwera tekisi atatu tonse. Tsiku lina ku Mayfair kukagula nsalu zanga, inu n'kumadya masamusa uku mukuwanyoza kuti achepa nyama. Tsiku lina ku paki kukangokhala pa udzu. Koma komwe mtima wanu unali ndi ku zisudzo m'tauni.

Tinkanyamuka dzuwa likuswa mtengo, pofika masana kumwamba kwada bii. Munkati mvula ya kuno ilibe mwambo, imalowa osaodira. Ndipo ikatipeza, kaya pa renki ya matekisi kaya m'sitolo, anthu onse akudandaula za tsitsi ndi nsapato, inu nkhawa yanu inali imodzi: "Eee, madzi onsewa akungopita! Ndowa ili kuti?" Ikatipeza kunyumba ndiye kunalibe mtendere. Ine ndinkayankha ndili pa makina, osatembenuka, kuti ili kuseri kwa chitseko, Amayi. Inu n'kuti, "Nanga ukudikira chiyani? Thamanga!" Ndinkakwiya. Mpopi uli m'nyumba, maneba akutiyang'ana pa mpanda, ife tili pikitipikiti kutchera ndowa ndi mabeseni pansi pa malata ngati tili kumudzi. Inu munkangoti madzi a mvula amagwira sopo, a mumpopi amanunkha mankhwala. Zaka zonsezo funso lomwelo, yankho lomwelo, ndipo ndowayo sinasunthepo kuseri kwa chitseko.

Ku zisudzo nako munalibe manyazi. Chingerezi simunkachimva, Chizulu munkangotola apa ndi apo, koma munthu wabodza munkamudziwa akangokwera pa siteji. Tsiku lija munakuwa kuti, "Wabodza ameneyo, mwanawe, usamumvere!" mpaka mtsikana wa tochi anabwera kudzatitontholetsa. Munamufunsa m'Chichewa kuti, "Kwanu kuno munthu amalankhula yekha anthu atangoti duu ngati pamaliro? Kwathu sewero timathandizana." Chikondi anabisa nkhope mu jekete yanu, akunjenjemera ndi phwete.

Mutatisiya kumapeto kwa chisanu, ine ndinakwera galimoto yomwe inakutengerani kumudzi. Chikondi ndinamusiya kwa neba chifukwa mayeso ake omaliza anali pafupi. Anandichonderera, anagwira chitseko cha galimoto. Ndinamuuza kuti agogo ako sadzuka chifukwa choti iwe walephera mayeso. Mawu amenewo ndinanenadi, ndipo mayesowo anakhoza.

Koma nditabwerako ndinapeza mwana wina. Sanalire, ine ndikuona. Chichewa, chomwe ankalankhula ndi inu nokha, anachitsekera. Ndikamufunsa kanthu ankayankha m'Chingerezi, mawu awiri, maso ali pa foni. Loweruka linafa. Mvula yoyamba itagwa tonse tinangokhala, iye kuchipinda ine pa makina, madzi akuthamangira mu msewu. Palibe anafunsa za ndowa.

Kenako anayamba kusowa Loweruka lililonse. Ndinamva kwa neba kuti amapita ku Berea, ku holo ina yakale komwe Lamulungu kumapempherera mpingo, ndipo kumeneko iye ndi anzake akukonza sewero. Tsiku lina madzulo anadzaima pafupi ndi makina n'kunena kuti, "Ma, Loweruka likubwerali tikuonetsa. Mubwere."

Amayi, mutu wanga unatentha. Ndinati, "Agogo ako chaka sichinathe ali m'manda, chiliza sitinamange, iwe uli pa zisudzo? Anthu akumudzi akamva adzati ndalera chiyani?" Tsiku lomwelo n'kuti nditaona kuti jekete yanu mulibe mu wodilopu, chonsecho achimwene ananena kuti ndidzapite nayo pomanga chiliza, ikagawidwe pamodzi ndi zovala zanu zina. Ndinamufunsa ngati wayamba kuba za akufa.

Sanakweze mawu. Anati, "Inu munaponya dothi, Ma. Ine ndinaponya chiyani?" Kenako anati sewero likatha sabwereranso kuno, akakhala ku Berea komweko kwa anzake. Ndinamuuza kuti chitseko ndi icho.

Loweruka kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Ananyamuka m'mamawa ndi chikwama chachikulu chija, osatsanzika. Ndinakhala pa makina n'kulumikiza mkono wa diresi ya kasitomala chagada. Ndinaphwasula, n'kulumikizanso chagada. Ndinalowa kuchipinda kwake, ndinapeza bedi atayala bwinobwino, monga amayalira mlendo pochoka. Ndinavala nsapato. Ndisanamizire chikondi, Amayi: ndinkapita kukalanda jekete ndi kukamuuza mawu anga pamaso pa anzakewo.

Ambulera ndinaisiya, poti dzuwa linalipo. Pofika m'tauni posinthira tekisi, mtambo unali utakhala kale pamwamba pa nyumba zitalizitali zija. Potsika ku Berea mvula inandilandira ndi manja awiri. Ndinathamanga ndi bondo langali, ndinasochera kamodzi, ndinalowa mu holo sewero litayamba kale, diresi itamatirira pathupi. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Anthu analipo ndithu, ambiri achinyamata, onse ali chete monga amachitira kuno.

Sewerolo linali la gogo wochokera dziko lina, wokhala mu fulati ndi mwana wake wamkazi wolalata. Wolalatayo ndinamuzindikira, musandifunse kuti ndi ndani. Koma gogoyo, Amayi! Duku kumutu, ufa m'nsidze, jekete ya Abambo, dzanja limodzi pachiuno monga munkayendera msana ukakuvutani. Mpaka kupukuta pakamwa ndi chala chachikulu. Anali Chikondi. Ankalankhula Chingerezi ndi Chizulu kuti anthu amve, ndipo anthu ankaseka pang'onopang'ono. Ine sindinaseke. Ndinaona za m'nyumba mwathu ataziyanika pamaso pa anthu osatidziwa. Ndinaimirira, mawu ali kale pakhosi.

Pomwepo panayamba matalala.

Holoyo ndi ya malata, yopanda siling'i. Phokoso lake ngati galimoto ikukhuthula miyala padenga. Pa siteji milomo inkangoyenda, mawu osamveka. Mtsikana amene ankasewera ngati ine anasokonezeka, anaima n'kumayang'ana kumbali kwa mkulu wawo wotsogolera sewerolo, ndipo mkuluyo anali atakweza kale dzanja kuti aimitse. Denga linayamba kudontha pakati penipeni pa siteji, madzi akugwera paphewa pa jekete yanu.

Chikondi anayang'ana kumwamba. Anatambasula chikhatho, madzi n'kudzazamo. Ndiyeno anakuwa, mawu opitirira matalala, m'Chichewa chenicheni cha kwathu:

"Eee, madzi onsewa akungopita! Ndowa ili kuti?"

Sizinali mu sewero zimenezo, anandiuza pambuyo pake. Zinangomutuluka. Anzake pa siteji sanamve chomwe wanena, anthu onse sanamve. Funso lanu linangoima m'malere, popanda woliyankha. Ine ndakuchitirani mwano kambirimbiri, Amayi, koma sindinakusiyenipo mukufunsa nokha.

"Ili kuseri kwa chitseko, Amayi!"

Mitu yonse inatembenuka. Mnyamata wina patsogolo panga anaika chala pakamwa kuti ndikhale chete, ndinamuuza kuti akatontholetse amake. Chikondi anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza. Anati, "Nanga ukudikira chiyani? Thamanga!"

Ndinathamanga. Ndipo kuseri kwa chitseko cha holoyo kunalidi ndowa, ya amayi okolopa, chikolopa chili momwemo. Ndowa imakhala kuti kwina? Ndinachotsa chikolopacho, ndinadutsa pakati pa mipando nsapato zikulira madzi, ndinakwera pa siteji n'kuitchera podontha paja. Tho. Tho. Tho. Anthu anaomba m'manja, ankaganiza kuti tinapangana.

Chikondi anayang'ana ndowayo, kenako anagwa pachifuwa panga. Analira, Amayi. Osati kulira kwa kuno kopukuta ndi kapepala, koma kwa kwathu, kotulutsa mawu onse, kumene palibe anamuphunzitsa. Jekete itanyowa inatulutsa fungo lanu, la sopo uja ndi mafuta anu opaka msana. Nane ndinayamba, mayi wanga ine, mayi wanga ine. Manja aja anasiya kuomba mmodzimmodzi. Amayi ena achikulire a Chizulu anavula chipewa cha mwamuna wawo n'kumuikira pamwendo. Maliro anu a ku Joni tinalirira pamenepo, pa siteji ya ana, ndowa ya eni ake ikudzaza.

Sewero silinathe. Mkulu wawo anati adzabwereza tsiku lina, ndipo sanatikalipire.

Potuluka dzuwa linali litawalanso ngati palibe chachitika. Matalala anali ataunjikana m'mbali mwa msewu ngati mchere, masamba a mitengo ali mbwee. Sindinamufunse komwe akupita. Ndinangonyamula chikwama chake n'kuyamba kuyenda kulowera ku renki, osayang'ana kumbuyo. Patapita kanthawi ndinamva mapazi ake.

Tinakwera tekisi n'kutuluka m'tauni. Kenako anati, m'Chichewa chake chopunduka chija, "Ma, mawu a Gogo akundithawa. Ndikatseka maso ndimamva a ndowa okhawo. Ena onse apita." Anandipempha kuti ndimuuze momwe tinakuikirani, kuyambira pachiyambi, osadumpha. Ndinamuuza za ulendo wautali uja, za amayi a kumpingo amene anatichingamira pamsewu akuimba, za mtengo wa mthethe umene uli kumutu kwanu, za dothi lofiira. Anafunsa ngati kunagwa mvula. Ndinati ayi, kunali fumbi lokhalokha. Anati, "Eish, Gogo akanadandaula."

Anabwera kunyumba. Chikwamacho sanamasule chonse, chili pakona, akungotulutsamo chimodzichimodzi chomwe akufuna. Ndimachiona m'mawa uliwonse ndipo ndimadziluma lilime. Sitinakhale anthu ogwirizana tsiku limodzi, dzana lomweli tinakangana za mbale. Koma madzulo amadzakhala pafupi ndi makina n'kunena kuti, "Ndiuzeni china chimene ankanena." Ndimamuuza, iye n'kubwereza mpaka atachigwira. Pena ndimapeza kuti nanenso ndayamba kuiwala, ndipo pamenepo ndimaimitsa makina.

Mpando wanu wa pakhonde ulipobe. Loweruka likubwerali akubwereza sewero lija ndipo ndipita, nditanyamula ambulera. Ndikhala kutsogolo. Wofuna kunditontholetsa abwere.

Tsono ndikulonjezeni ziwiri. Jekete sikupita kukagawidwa, ndi ya Chikondi. Achimwene akwiye, ndiwayankha ndekha. Ndipo tikadzabwera kudzamanga chiliza ndidzabwera naye, kaya kuli mayeso kaya kuli ntchito. Simenti isanaphimbe, adzatapa dothi lofiira lija ndi dzanja lake n'kuponya lake.

Ndilekere pano. Kumwamba kwayamba kuda cha kum'mwera, mphepo yasintha, ndipo ndamva chogwirira cha ndowa chikulira kuseri kwa chitseko. Si ine ndaigwira.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndinkanena mokalipa.

Ndine mwana wanu wa pakamwa uja,
Esinati