Maziko a m'mphepete mwa dambo

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, koma mtima wanga wakhala pansi.

M'mawa tinayamba kukumba maziko pamalo amene atsibweni a mkazi wanga anatipatsa, m'mphepete mwa dambo. Dzenje lisanafike m'mawondo, madzi anayamba kutuluka. A Phiri, amisiri athu, anaponda pansi ndi chidendene kangapo, dothi n'kumanjenjemera ngati phala.

"Bambo, chivomezi chikabwera, dothi lonyowa chonchi limagwedezeka kuposa la kumtunda," anatero. "Chija chapitachi chinang'amba makoma a kumunsi kuno, pomwe nyumba zakale za pa katondo zili chilili."

Nanga ine mkamwini ndikane bwanji malo opatsidwa? Ndinangokawatenga atsibweniwo kuti adzaone ntchito, osanena kanthu. Anazika ndodo yawo m'dzenjemo, ndipo inalowa yokha mpaka pakati.

"Muno mudzalemo kabichi," anatero atsibweniwo. "Mawa ndikuonetsani pena, kumtunda kuseri kwa khola."

Ndodo yandiyankhulira lero. Zatsala ndi njerwa zonse zija tinaunjika kudamboku, ndiye kukwera nazo chitunda chimenechija ndi wilibala imodzi...