Thobwa Limene Chrispin Sanamwe

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Maganga. Nanga mapazi aja asiya kutupa? Ine kuno ku Lilongwe ndili bwino, kungoti msana wauma ndi kugona pansi kuchipatala.

Mtima ukhale m'malo, mwendo wa Chrispin saudula. Amuika zitsulo, ndipo dzulo wayamba kunyoza ndiwo za kuno, ndiye dziwani kuti mwana wanu akuchira.

Ndamva kuti simukuyankhulana ndi a Layla, ogulitsa usipa aja, chifukwa anakulandani kapu ya thobwa tsiku limene njinga yamoto inagunda Chrispin. Ndikukumvetsani, Amayi. Mwana akulira ludzu pamsewu, mayi wake n'kuletsedwa kumumwetsa anthu akuona, zimawawa. Nanenso nditamva ndinapsa mtima.

Koma adokotala a kuno andiuza kuti akanamwa thobwalo, kuchipatala cha ku Salima akanazengereza kumugoneka tulo ndi mankhwala kuti atsuke bala ndi kuletsa magazi, poti munthu wokhuta akagonekedwa amatha kusanza n'kutsamwa. Ayamikiranso nsungwi ziwiri zimene a Layla anazula pomwe amayanikira usipa n'kumangira mwendowo, atakalipira anyamata amene ankafuna kuukoka kuti uwongoke.

Chrispin akuti a Layla anasiya usipa wawo padzuwa n'kukwera naye galimoto, dzanja lili pabala mpaka kuboma. Atafika sanangomutula ngati thumba la chimanga. Anafotokozera anesi mmene anagwera, pamene anamanga, ndiponso kuti sanadye kanthu. Anesiwo anauza a ambulansi, a ambulansi n'kuuza a kuno, moti pofika anapeza akumudikira kale. Ine ndinkayesa maphunziro othandiza ovulala amene a Layla ankapita aja n'kungotaya nthawi. Ndawagomera mayi amenewa.

Pempho langa ndi limodzi. Chitenje chawo chimene anamangira bala ndachapa mpaka manja kuwawa, koma magazi akana kuchoka, ndiye ndagula china ndipo chili pamodzi ndi kalatayi. Mukawapatse ndi manja anu, musatume munthu.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi alamu anga a Abdallah. Chrispin akuti thobwa lake lija sanaliiwale. Akuti tsiku lobwera mudzaphike lambiri, koma kapu yoyamba mudzapereke kwa a Layla, iye adzadikira monga anadikirira tsiku lija.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Maggie