Chizindikiro Chimene Sichidulidwa

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno mvula yayamba bwino, tiyi waphukira mapiri onse. Mng'ono wanga Feliya wabereka mwana wamwamuna ku Goliati, mphuno ndi yanu yomwe ija. Denga la khitchini likudonthabe.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mwana wanga Esinati, mdzukulu wanu. Amuitana kunja kwa dziko kuti akapitirize maphunziro a zomera, ine ndinakana. Paja munkatiuza kuti agogo atabwera kuchokera ku Mozambiki anasiya Chilomwe pageti la esiteti, kuopa kusekedwa. "Wopita patali amatula katundu panjira," munkatero. Ndinkaopa kuti katundu amene Esinati akatule ndi ifeyo.

Lamlungu tikuchokera kutchalitchi, anathyola tsamba la tiyi m'mbali mwa msewu n'kundionetsa. Akuti m'tsamba muli timatumba tobiriwira, amati makuloropulasiti, momwe kuwala kwa dzuwa kumasanduka chakudya. Mapuloteni ambiri ogwira ntchito m'menemo amapangidwa kunja kwa timatumbato. Puloteni aliyense amanyamuka ndi chizindikiro kumutu chomulowetsa pageti. Akangolowa, chizindikirocho chimadulidwa.

"Si zomwe ndikunenazo?" ndinatero. "Kulowa n'kudulidwa."

Anaseka. "Dikirani kaye, mayi inu. Mumathamanga ngati akapitawo Lolemba m'mawa."

Akuti m'kati mwa kathumbamo muli tizikopa topyapyala tosanjikizana, ndipo puloteni wogwira kuwala amayenera kukakhazikika pamenepo. Ali ndi chizindikiro china chimene anzake amachidziwa, n'kumuperekeza mpaka pamalo pake. Chimenechi sichili kumutu ayi. Chili m'thupi mwake mwenimweni, ndipo sichidulidwa.

Njira yonse ndinkangoganiza za inu. Ndinakuonani muli m'mizere ya tiyi, dengu kumsana, mukuimba chapansipansi kanyimbo kaja. Kanali ka Chilomwe, Amayi. Mukakwiya munkatikalipira m'Chilomwe, ndipo mukudwala komaliza munkapemphera m'Chilomwe. Ngati agogo anachisiyadi pageti, inu munachitenga kuti?

Ndamulola apite. Mantha sanathe, koma achepa. Madzulo tikamasenda chinangwa ndikumamuphunzitsa kanyimboko, ngakhale mawu ena ndimangowang'ung'udza, sindidziwa tanthauzo lake. Iye akuti akafunsa azakhali ku Thekerani.

Asananyamuke ndidzabwera naye kumanda adzakutsazikeni. Tidzalambula udzu, kenako adzakuimbirani yekha. Akalakwitsa musamukalipire.

Ndimakukondanibe, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Malita