Sutukesi ya Nachisale

Chulu, Kasungu
14 Julaye

Okondedwa alamu a Kalekeni,

Ndikhulupirira muli bwino ku Durban pamodzi ndi ana. Kuno tilipo.

Munafunsa za masiku omaliza a mlongo wanu Nachisale, ndipo sindinakuyankheni. Tinali m'chigafa tikusoka fodya. Anandiseka kuti ndimasoka ngati ndikumanga mbuzi. Kenako anati, "Bambo a Fainesi, mwanayu akamaliza ku yunivesite tisamutsekereze. Apite kumene kuli ntchito." Ine ndinangoti tiona. Mawa lake mutu unayamba kuwapweteka, Lachisanu tinaika maliro.

Fainesi anamaliza, koma papita chaka akulemba makalata ofunsira ntchito popanda yankho. Pasipoti yatuluka. Chonde mumulandire kumeneko, mumufunsireko kumalo opimira magazi, poti ndi zomwe anaphunzira. Mwiniwake akuzengereza. Akuti, "Ababa, azikuphikirani ndani?" Ndamuuza kuti ndimatha. Zinazo sindinamuuze.

Alongo anu enawa akhala akundikumbutsa kuti zovala za malemu sizinagawidwe, ine n'kumangoti dikirani. Zonse zinali m'sutukesi yawo yabuluu, ndipo sindinkaitsegula. Loweruka lapitali ndinawaitana. Tinayala mphasa, aliyense anatenga chake. Bulauzi ya Mvano ndinapereka kwa amayi anu aang'ono. Ine ndasunga duku limodzi.

Sutukesiyo ndinaipukuta, ndinakakonzetsa zipi kwa atelala, n'kuiika pakhomo la chipinda cha Fainesi. Mpaka lero sanaikemo kanthu, ndipo sindinamufunse.

Moni kwa onse.

Ine mlamu wanu,
Lufeyo Chimwaza